Ndapeza nyumba yakutha ku Area 25, ndikufuna ndiikonze ndigulitsenso, ndithandizeni nzeru

Nachisale: Moni nonse a pagulu pano. Ndili ndi nkhani ndikufuna maganizo a anthu amene mumazidziwa zomangamangazi. Ku Area 25 ku Lilongwe kuli nyumba ikugulitsidwa, zipinda zogona zitatu, khitchini ndi bafa zamkati momwemo, koma ndi yakutha ndithu sindinama, mwakhala mopanda munthu kwa nthawi yaitali, udzu wafika mchiuno, denga likudontha moti kuchipinda china siling'i inachita kugwa, mawindo ena alibe magalasi komanso mpanda palibe. Eni ake anamwalira nde ana ndi amene akugulitsa, akuti K42 million. Ine ndili ndi K60 million, ina ndi yanga ya geni ya kaunjika ina ananditumizira achimwene anga a ku Joni kuti tipangire limodzi kenakake. Maganizo anga ndi oti ndigule, yotsalayo ndikonzere, kenako ndigulitse mwina pa 80. Sindinapangepo zoterezi olo kamodzi. Amene munapangapo chonde ndiuzeni zoona, ndilowe kapena ndisiye?

Bambo a Tamanda: Achemwali musanakambe za denga ndi siling'i tandiuzani kaye, mapepala mwawaona ndi maso anu? Ndipo amene akukugulitsaniyo ndi ndani kwenikweni?

Nachisale: Ndi mwana wachiwiri wa malemuwo bambo, ndi amene anandionetsa nyumbayo pamodzi ndi ajenti. Mapepala akuti alipo ali kwa achemwali awo ku Kawale

Bambo a Tamanda: Nde apo imani kaye pomwepo. Musapereke olo K1 ya dipoziti. Nyumba ya munthu womwalira sigulitsidwa ndi mwana mmodzi chifukwa choti iye ndi amene ali ndi makiyi ayi. Pali lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo pamafunika munthu amene khoti lamupatsa mphamvu yoyendetsa chumacho, pepala lake amati letters of administration, kapena ngati malemu anasiya wilo ndiye amene anatchulidwa mmenemo atavomerezedwa ndi khoti. Nthawi zina chuma chimakhala mmanja mwa Administrator General kapena kwa DC. Popanda zimenezo inu mupereka ndalama, mukonza bwinobwino, mupaka penti, tsiku lina kudzatulukira mwana wina wa kwa mayi ena atanyamula injunction, nyumba simungaigulitse simungaikhale, ndalama yanu ili mkhoma. Mumaona nyumba zambiri mtauni muno zolembedwa pa khoma kuti nyumba ino sikugulitsidwa, gwero lake ndi zomwezi, apachibale akuletsana okhaokha. Funsani kuti ana onse alipo angati, mkazi wa malemu alipo kapena ayi, ndipo onsewo mukumane nawo pamaso osati pa foni.

Mai a Favour: Zoona bambo a Tamanda. Koma musamuopseze mwana wa eni ake, bizinesi imeneyi ndi yabwino ndithu. Ife tinapangapo ku Chirimba, tinagula ka nyumba kotha ntchito tinakonza tinagulitsa ndipo phindu tinaliona. Chachikulu ndi mtengo wogulira. Ukagula modula olo ukonze bwanji palibe chimene utolepo

Wa ku Ntcheu: @Mai a Favour chinali chaka chanji chimenecho?

Mai a Favour: 2019

Wa ku Ntcheu: Eya ndimadziwa. Nthawi imeneyo kwacha inali itakhazikika, munthu umatha kulemba bajeti mu January nkudzaigwiritsa ntchito mu June osasintha kwambiri. Chichokereni pamenepo kwacha inagwetsedwa ndi 25% mu May 2022, inagwetsedwanso ndi 44% mu November 2023, ndipo zinthu zomangira zambiri monga malata, matailosi, mawaya, mapaipi, penti zimadalira ndalama yakunja. Nde tiyeni tiwerengere achemwaliwa bwinobwino. Chaka cha 2024 mitengo ya zinthu imakwera pafupifupi 30% pachaka. Kutanthauza kuti K60 million yanu ikatha chaka ili mnyumbamo imayenera ibwere ngati 78 kuti mungobwerera pamene munali, musanapindule kalikonse. Inu mukuti mugulitsa pa 80. Muchotsepo ya ajenti, ya loya, ya mlonda miyezi yonseyo, msonkho. Mwaona pamene pali vuto? Pa pepala zikuoneka ngati mwapanga 20 koma mukapita ku shopu mupeza kuti ndalama yanuyo ikugula zochepa kuposa zimene ikanagula lero.

Che Jafali: Akulu masamu anuwo ndi oona koma mwaiwala mbali ina. Akapanda kugula nyumbayo ndalamayo aisunga kuti? Ku banki? Kumeneko nde ikasungunuka mwachangu kuposa. Nyumba mtengo wake umakwera nawo limodzi ndi zinthu, amene akuti 80 lero chaka chamawa sadzanena 80. Ine ndimaona kuti ndalama ili bwino ikhale mu njerwa kusiyana nkukhala mu akaunti

Wa ku Ntcheu: Sindikukana Che Jafali, kusunga ndalama mu nyumba ndi nzeru. Koma kusunga ndi kwina kupanga phindu ndi kwina, achemwaliwa afunsa za phindu. Komanso mtengo wa nyumba umakwera pakamwa pa wogulitsa, wogula amene ali ndi 80 ya cash mmanja ndi wosowa. Ambiri amadalira ngongole ya ku banki ndipo chiongola dzanja chinakwera kwambiri, Reserve Bank inafikitsa policy rate, chiongola dzanja chimene imabwereketsera mabanki, pa 26% mu 2024 nde mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo. Ndi angati ogwira ntchito angatenge mortgage pa chiongola dzanja chotero? Nyumba imatha kukhala miyezi ndi miyezi anthu akungobwera kudzaona, kujambula, nkumapita

Nachisale: Mmm apa nde mwanditsegula mmaso. Ine ndimangoti 80 kuchotsa 60

Mmisiri wa ku Biwi: Mayi ine ndi bilida, zamapepala akuuzani akuluakuluwa ine ndikambe za nyumbayo. Choyamba mukapitenso musatenge ajenti yekha, mutenge mmisiri wanu woti mwamulipira inuyo tsiku limenelo, osati amene akuyembekezera kuti mumupatsa ntchitoyo chifukwa ameneyo adzangoti zonse nzotheka madam. Mutenge tochi, msomali wa 4 inchi ndi makwerero. Msomaliwo mukakande pakati pa njerwa pamene pulasitala inagwa, mukaona kuti mukutuluka dothi lofiira mudziwe kuti anamangira matope osati simenti, nyumba zambiri zakale anamanga choncho nkupaka pulasitala pamwamba. Sikuti ndi yogwa ayi koma wogula wozindikira adzatsitsa mtengo ndipo khoma lotero likamwa madzi silichedwa. Chachiwiri ming'alu. Timing'alu tating'ono ngati tsitsi ta mu pulasitala musadandaule nato. Woopsa ndi mng'alu woyenda chopingasa kuchokera pa kona ya windo kapena chitseko kutsika ngati masitepe motsata njerwa, woti ukuoneka mkati ndi kunja komwe, makamaka ukakhala wotakata mmwamba. Umenewo ndi fandeshoni ikutitimira mbali imodzi, kawirikawiri malo a dambo a dothi lakuda lija limafufuma dzinja nkuuma chilimwe, kapena pali mtengo waukulu pafupi, kapena paipi yakhala ikudontha pansi. Kumata simenti pamenepo nkungodzinamiza, mvula ikagwa utsegukanso

Mmisiri wa ku Biwi: Chachitatu kwerani mu siling'imo ndi tochi. Mwati siling'i inagwa nde kuti madzi akhala akulowa nthawi yaitali. Mugogode mitengo ya denga ndi hamala, ikamalira ngati mulibe kanthu mkati kapena msomali ukungolowa osavuta ndiye kuti chiswe chinamaliza kale. Mukaona tinjira ta dothi tokwera khoma ndi chomwecho. Malata okha kusintha si nkhani yaikulu, koma mukasintha malata ndi mitengo yomwe ndalama yanu yotsalayo ipita theka pomwepo

Nachisale: Zikomo kwambiri bambo. Mng'alu ndinauona umodzi kumbuyo pafupi ndi bafa koma sindinaulabadire, ajenti anati ndi wa pulasitala chabe

Mmisiri wa ku Biwi: Pafupi ndi bafa? Mukaujambule mutumize pano. Muonenso kuti seputiki tanki ndi sokawe, dzenje lija lomwetsa madzi oipa mu nthaka, zili mtunda wanji kuchokera pa khomalo

Dalitso Ajenti: Anthu inu ma ajenti mumatinena ngati tonse ndife akuba. Ine ntchito yanga ndi yomweyi kuno ku Lilongwe ndipo ndikuuzeni sister, Area 25 ndi malo oyenda malonda, Kanengo ili pompo anthu ogwira ntchito kumafakitale amafuna nyumba kumeneko, msika wa Nsungwi ulipo, ma minibus savuta. Koma Area 25 ndi yaikulu, kuli mbali zina msewu wabwino madzi osavuta, kuli mbali zina dzinja galimoto siifika pakhomo. Mtengo wa 80 mwautenga kuti? Ngati mwauona pa Facebook umenewo ndi mtengo wofunsa osati wogulitsira. Yendani mu line momwemo mufunse nyumba imene inagulidwa posachedwa kuti anapereka zingati zenizeni

Nachisale: Anandiuza ndi ajenti yemweyo kuti ikakonzedwa ikhoza kupita pa 80

Dalitso Ajenti: Iyeyo akudya kwa ogulitsawo nde sanganene zochepa. Pezani valuer wovomerezeka, alipo olembetsedwa, mumulipire akuuzeni mtengo wake panopa mmene ililimu komanso mmene ingakhalire mukakonza. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi 42 million. Ndipo china, musakonze mopitirira dera. Ndaonapo anthu akuika matailosi odula, ma shower a galasi, khitchini ya ma granite mu nyumba yoti oyandikana nawo onse ndi nyumba wamba, akamagulitsa akufuna mtengo wa ku Area 47 kapena Area 43, palibe amene angapereke. Munthu wa ndalama imeneyo akagula ku 47 komweko. Wogula wa ku 25 akafika amayang'ana mpanda ndi geti, madzi akutuluka, magetsi alipo, denga silikudontha, chimbudzi chikugwira ntchito, malo oimika galimoto. Akakhutira ndi zimenezo amafunsa title deed. Basi

Mai a Favour: Apo Dalitso wanena zoona. Ife ku Chirimba chimene chinagulitsa nyumba ndi mpanda. Tisanamange mpanda anthu amangoona nkubwerera, titangomanga nkuika geti sabata yomweyo mafoni anayamba

Mmisiri wa ku Biwi: Koma mpanda nawo si wotchipa mayi. Plot yonse kuzungulira, mabuloko kapena njerwa, simenti, mchenga, miyala ya kwale ya fandeshoni, geti ya chitsulo, leba. Pa 18 million yotsalayo muchotsepo za mapepala, mpanda ndi denga, sindikuona kuti matailosi ndi penti zikwanira. Lembani zonse pa pepala chipinda ndi chipinda mupite nokha ku ma hardware mukafunse mitengo ya lero, kenako muonjezerepo ina yapadera ya zodzidzimutsa chifukwa nyumba yakale ukatsegula pamodzi umapeza zitatu

Anaphiri UK: Ine ndikufuna ndifunse za achimwene anu a ku Joniwo. Mwalemberana? Pepani ngati ndalowa za pabanja koma ife amene tili kunja nkhani zimenezi zimatipweteka kwambiri, munthu umagwira ntchito usiku kuzizira ukutumiza ndalama kumudzi, pamapeto pake chibale chimatha chifukwa palibe chimene chinalembedwa. Sikuti inu ndi wakuba ayi, koma iwo mmutu mwawo mwina akuganiza kuti pofika December ndalama yabwera ndi phindu, pamene inu mukudziwa kuti zitha kutenga chaka ndi theka. Lembani kuti wina waika zingati wina zingati, dzina la ndani lipita pa title, phindu mugawana bwanji, ikaluza mugawana bwanji, ndipo inu amene mukhale mukuyenda padzuwa kuyang'anira amisiri thukuta lanu liwerengedwa bwanji. Muziwatumizira ma risiti ndi zithunzi sabata iliyonse olo asanafunse

Nachisale: Sitinalemberane anaphiri, timangokhulupirirana. Iwo anaika 25 ine 35

Anaphiri UK: Lembani achemwali. Olo pa WhatsApp pompo poyamba kenako kwa loya. Alamu anu nawonso adziwe

Achimwene a Mzuzu: Ine funso langa ndi loti bwanji osangoikonza pang'ono nkuika munthu wa lendi? Mukugulitsiranji? Nyumba ku Lilongwe sigona yopanda munthu

Wa ku Ntcheu: Lendi ya mwezi ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi 60 million imene yalowa, kuti ibwerere ndi zaka zambiri. Koma ngati njira yachiwiri ndi yabwino, mukaona kuti wogula sakupezeka muikemo munthu nyumba isaonongekenso, chifukwa nyumba yokonzedwa yopanda munthu akuba amazula mawaya, mipope, ma socket ngakhale zitseko

Dalitso Ajenti: Kungoti nyumba yokhala ndi tenanti imavuta kuonetsa, amakana kutsegula kapena amauza ogula zoipa zokhazokha kuti asasamuke. Ngati mukuika munthu mugwirizane polemba kuti nyumbayi ili pa malonda

Bambo a Tamanda: Ndibwerere ku mapepala chifukwa ndaona tathamangira ku matailosi. Malo a mu mzinda wa Lilongwe ali ndi eni osiyanasiyana, ena ali pansi pa unduna wa za malo, ena ndi a Malawi Housing Corporation (MHC), ena ndi a khonsolo ya mzinda, enanso mmbali umu anthu anagula kwa mafumu ali ndi kalata ya amfumu basi. Muyenera kudziwa kuti plot imeneyi ili pansi pa ndani chifukwa kumeneko ndi kumene mukasinthitse dzina. Anthu ambiri amati tili ndi mapepala pamene ali ndi offer letter chabe, kalata yongowalonjeza malo, lease yomwe ndi pangano lenileni lobwereka malowo sanamalize. Ngati pali title yeniyeni, zambiri za mtauni zimakhala lease ya zaka 99, mutenge nambala yake mupite ku Lands mukapange search. Search imaonetsa dzina la mwini wake, komanso ngati nyumbayo inaikidwa chikole ku banki kapena wina anaikapo caution yoletsa kugulitsa. Mupite nokha kapena loya wanu, musatume ajenti ndipo musalandire fotokope yoti akubweretserani. Mukafunsenso ngongole ya ground rent (lendi ya malo ya pachaka), city rates (msonkho wa nyumba) ku khonsolo, bilu ya madzi ku Water Board ndi mita ya ESCOM kuti ili bwanji. Nyumba yoti yakhala yosiyidwa nthawi yaitali ngongole zimenezi zimakhala zitaunjikana ndipo zimatsata nyumbayo. Mugwirizane kuti zichotsedwe pa 42 yo

Wa ku Ntcheu: Ndionjezere za msonkho. Posintha umwini pamafunika tax clearance ya MRA, kalata yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndipo wogula amalipira stamp duty, msonkho wa pa mapepala osinthira umwiniwo. Nde pogula mulipira inu stamp duty ndi loya, pogulitsa MRA idzafuna gawo lake pa phindu lanu chifukwa si nyumba imene mumakhalamo, mwagula kuti mupange bizinesi. Nchifukwa chake risiti iliyonse musunge, ya simenti, ya malata, ngakhale amisiri azisaina mu kope akalandira ndalama, kuti mudzathe kuonetsa zimene munaononga. Ndipo ogulitsawo akakuuzani kuti pa pepala tilembe mtengo wochepa kuti tizembe msonkho mukane, mudzalira ndinu pogulitsa chifukwa phindu lanu lidzaoneka lalikulu kuposa mmene lilili

Mai a Favour: Eee koma izi nde sindimazidziwa, zikomo

Blessings Mabuloko: Amene mukufuna mabuloko a simenti olimba 6 inchi ndi 4 inchi tilipo timabweretsa pa site inbox

Admin: A Blessings malonda ndi Lachisanu chonde

Che Jafali: Pa nkhani ya mabuloko yomweyo, kodi si paja njerwa zootcha analetsa?

Mmisiri wa ku Biwi: Malamulo a 2018 aja analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi ma project akuluakulu pofuna kuteteza mitengo. Mmakomo anthu akugwiritsabe ntchito. Koma pa mpanda ine ndimakonda mabuloko, ntchito imathamanga ndipo simenti yomangira imalowa yochepa, bola mugule kwa munthu amene sanyenga simenti, buloko yabwino ukaigwetsa kuchokera mchiuno siphwanyika

Nachisale: Ndabwerako abale. Ndinapita mmawa ndi bambo ena a kutchalitchi kwathu ndi amisiri opuma. Mitengo ya denga mbali ya zipinda ziwiri ndi yodyeka ndi chiswe, mbali ya pabalaza ili bwino. Njerwa anamangira simenti, msomali sumalowa. Mng'alu uja ukuchokera pa windo la bafa kutsika mpaka pansi ndipo chala chaching'ono chikulowa mmwamba mwake, mkati ukuonekanso. Sokawe ili pafupi kwambiri ndi khoma mwina masitepe awiri ndipo pansi pamenepo ndi ponyowa ngakhale mvula sinagwe. Khoma la mbali imeneyo penti inafufuma mpaka mmaondo ndipo pali zoyera ngati mchere. China nchakuti mayi ena oyandikana nawo anandiitanira pambali nkundiuza kuti ana a malemuwo alipo asanu osati atatu mmene anandiuzira, awiri ndi a kwa mayi ena ndipo mmodzi ali ku Mzuzu, akuti mwina sakudziwa nkomwe kuti nyumba ikugulitsidwa

Bambo a Tamanda: Mwaona. Athokozeni mayi amenewo. Tsopano muwauze ogulitsawo mwaulemu kuti ndinu okonzeka kugula koma mukufuna kuona letters of administration, title yeniyeni osati fotokope, ndi kukumana ndi ana onse asanu kwa loya wanu. Ngati ndi anthu oona mtima apanga, zitha kutenga miyezi koma apanga. Akayamba zoti pali wina akubwera ndi cash mawa nde fulumirani, asiyeni agulitse kwa ameneyo

Nachisale: Anena kale zimenezo bambo, ajenti wandiimbira kawiri kuti pali bwana wina wa ku Kanengo akufuna apereke Lolemba

Dalitso Ajenti: Imeneyo ndi nyimbo yathu sister musatekeseke nayo. Nyumba yakhala nthawi yonseyi udzu mpaka mchiuno, bwana ameneyo anali kuti? Ndipo ndi zimene mwapezazo 42 ndi yambiri. Mukhale ndi pepala la mmisiri lolemba zonse zofunika kukonza ndi mitengo yake, mukawaonetse, muyambire pansi ndithu. Anthu ogulitsa chuma cha masiye amafuna ndalama yachangu yoti agawane, amene ali ndi cash ndi inuyo nde mphamvu ili kwa inu

Anaphiri UK: Koma osawapondereza kwambiri, ndi ana amasiye ndipo ndi nyumba ya bambo awo. Mtengo ukhale wachilungamo mbali zonse

Dalitso Ajenti: Zoona anaphiri, sindikuti awabere, ndikuti asalipire mtengo wa nyumba yabwino pa nyumba yodwala

Mmisiri wa ku Biwi: Za mng'aluwo mayi nkhani yake ndi sokaweyo, ndi mmene ndimaganizira. Madzi akhala akulowa pansi pa fandeshoni ya kona imeneyo dothi nkufewa. Koma mwati mnyumbamo simukhala munthu nde pansi pakunyowa ndi chani? Mukaone mita ya madzi ngati ikuyenda mipope yonse ili yotseka, mwina pali paipi yophulika pansi. Ubwino wake chifukwa chikudziwika, kusiyana ndi dothi la dambo loti nyumba yonse ikuyenda. Kukonza kwake nkusamutsa sokawe ipite kutali, kukumba pansi pa fandeshoni pang'onopang'ono chigawo chimodzi nkuthira konkire, chikauma kupita china, osakumba yonse nthawi imodzi khoma lingakugwereni, kenako kumanganso pamene panang'ambikapo ndi waya. Ntchito imeneyi aione kaye injiniya, musangopatsa mnyamata wa ganyu. Zoyera ngati mcherezo ndi chinyezi chokwera kuchokera pansi, mukangopaka penti pamwamba miyezi itatu yafufumanso, pamafunika kugwetsa pulasitala yonse ya mmunsi, khoma liume, nkupakanso ina yosakaniza ndi mankhwala oletsa madzi, kunja muzungulize ka khonde ka simenti kuti madzi a padenga asamagwere mphepete mwa khoma

Che Jafali: Kapena kungomata bwinobwino nkupaka penti nkugulitsa chilimwe, ambiri amatero

Mai a Favour: Ayi Che Jafali zimenezo nzoipa. Wogulayo ndi munthu ngati ife tomwe, mwina ndi ndalama yake ya penshoni. Komanso masiku ano anthu anachenjera, kuno ku Blantyre chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023 madzi ndi matope zitakokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Soche, munthu asanagule amafunsa kaye kuti madzi amadutsa pati, amabwera ndi mmisiri wake kudzagogoda makoma. Ndipo wogula wa ngongole ya banki, a banki amatumiza valuer wawo

Che Jafali: Ndamva mayi, sindimati apange, ndimanena zimene zimachitika

Mmisiri wa ku Biwi: Mukagula ndondomeko ya ntchito ikhale iyi, musasokoneze. Kuyamba fandeshoni ija ndi sokawe, kenako denga mvula isanayambe mu November, mitengo yatsopano muipake mankhwala a chiswe ndipo pansi pozungulira nyumba mupopere, malata mugule a geji 28 osati opyapyala aja. Kenako mawaya ndi mapaipi chifukwa amenewa amaswa makoma, wamagetsi akhale wa satifiketi ya MERA. Mukatero pulasitala, siling'i, pansi, penti pamapeto penipeni. Ambiri oyamba kumene amathamangira penti ndi matailosi kuti aone kukongola kenako pulambala akubwera kudzaswa. Zipangizo muzigula nokha, mmisiri mumulipire leba yokha ndipo mwa magawo, akamaliza denga mwaliona ndi maso mwakhutira ndiye mupereke, osapereka ndalama yambiri patsogolo olo akhale wa kutchalitchi. Simenti musagule yambiri nthawi imodzi imauma ikakhalitsa, muisanjike pa matabwa osati pansi, ndipo madzulo aliwonse muwerenge matumba otsala ndi mapepala a matumba amene agwira ntchito. Malata ndi mawaya ndi zimene mungagule msanga mitengo isanakwere ngati muli ndi posunga pabwino. Ndipo mudzipezeka pa site tsiku ndi tsiku, ngati geni yanu siikulolani ndiye vuto lina limenelo

Nachisale: Ku kaunjika ndili ndi mtsikana amene amandigulitsira nde mmawa ndikhoza kumapezeka. Nanga mpanda ndi kuonjezera ka boys quarter kumbuyo zimafunika chilolezo? Achimwene amati tiikepo ka boys quarter mtengo ukwere

Bambo a Tamanda: Zimafunika, mapulani amapita ku khonsolo akavomereze musanayambe kumanga. Ndipo musanamange mpanda apezeke surveyor akuonetseni ma beacon osonyeza malire a plot, plot yoti yakhala yopanda mpanda zaka zonsezi oyandikana nawo amakhala atalowa pang'ono kapena inu mulowa kwa eni ake osadziwa

Wa ku Ntcheu: Boys quarter ndi ndalama iti achemwali? Muiwale kaye. Ine ndikanakhala inu ndikanapanga chonchi, ndalembe mtengo umene valuer wanena kuti ingagulidwe ikakonzedwa, ndichotsepo zokonza zonse ndi ina yapadera pamwamba, ndichotsepo loya, stamp duty, ajenti, mlonda wa chaka chathunthu, msonkho, ndichotsenso phindu limene ndikufuna. Yotsalayo ndiye mtengo umene ndingapereke kwa ana amasiyewo. Ikakhala kutali ndi 42 ndipo akukana kutsika, nyumba zakutha mu Lilongwe zilipo zambiri, ku Chilinde, ku Kawale, ku Area 36 konse

Dalitso Ajenti: Ine ndimatenga 5% pogulitsa, muwerengere pamenepo

Nachisale: Chabwino. Ndayankhula ndi achimwene usiku uno, poyamba anakhumudwa amafuna tigule sabata ino koma nditawawerengera zimene mwalemba pano za ana asanu aja anaziziratu, ati tilemberane ndipo andituma ndipeze loya. Ajenti ndamuuza kuti popanda letters of administration ndi title sindipereka kanthu, wangoti aona. A Tamanda kodi search ku Lands ndingapange ndi nambala ya plot yokha kapena mpaka ndikhale ndi title number?

Bambo a Tamanda: Title number ndi imene imafulumira, koma pitani ndi nambala ya plot ndi dzina lonse la malemu akakuthandizani kupeza, ndipo mukadziwa komweko ngati fayilo ili kwa iwo kapena mukuyenera kupita ku MHC kapena ku khonsolo. Mutenge ID yanu ndi kandalama kolipira search, mulandire risiti.

Mmisiri wa ku Biwi: Mukapitanso ku nyumbako mulembe ndi pensulo mizere iwiri mbali ndi mbali ya mng'aluwo, muyeze ndi rula mulembe deti pakhoma pompo. Pamene mukudikira mapepalawo tidzaone ngati ukukulabe

Nachisale: Ndipanga Loweruka, ndikaonanso mita ya madzi ija. Amene mukudziwa valuer wabwino kuno ku Lilongwe mundiponyere ku inbox chonde